Mkono Wachiwiri wa Juzi ya Abambo

Kwathu kwa Nthache, Khirisimasi inkayamba ndi chitini. Chinali chitini chachikulu chimene kale munkakhala mabisiketi, ndipo chaka chonse chinkakhala pamwamba pa kabati popanda wochikhudza. Disembala akafika pakati, amayi ankakwera pampando, n'kuchitsitsa, n'kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje. M'katimo munali zokongoletsera m'nyumba, zonse za wulu, zonse zoluka okha: timabelu tofiira, tinkhosa toyera tamiyendo ya machesi, timipira taubweya, ndi unyolo wautali wamitundumitundu umene unkazungulira pabalaza kawiri. Unyolowo unkatalika chaka ndi chaka, chifukwa juzi ya mmodzi wa ife ikatha ntchito, wulu wake wotsala ankaulumikiza kumapeto. Ife ana tinkagwira mpando, abambo ankakhoma timisomali, amayi ankalamula. "Mwapendeketsa, bambo. Kwezani kumanzereko." Abambo ankakweza, ngakhale kunali kowongoka kale. Akamaliza, ana a pamudzi ankabwera kudzasuzumira pawindo, ndipo ife tinkayenda ngati ana a bwana.

Wulu wake sunali wa m'sitolo. Matipate atabwera, kaunjika anasefukira pamsika wa pa boma, ndipo amayi ankapita kukasanthula milu ija kufuna majuzi amene ena ankawanyoza, obooka m'zigongono, otambasuka khosi. Kunyumba ankawamasula onse. Wulu womasula umatuluka wopotanapotana, ndiye ankauviika m'madzi ofunda, n'kuukulunga m'miyendo ya mpando wogadamika kuti uwongoke. Zolukira zawo zinali masipoko a njinga amene abambo ananola pamwala. Ndi masipoko amenewo amayi anativeka tonse, anaveka mipando madoilo, anaveka wailesi, ndipo kunena zoona, tambala akanati aziima malo amodzi akanamulukira chipewa.

Ine luso limeneli linandilambalala. Tinabadwa atatu, ine woyamba ndi alongo anga awiri, ndiye mwana wamkazi ndinali ndekha, ndipo amayi anayesetsa ndithu. Koma ine ndikagwira sipoko ndinkakoka ulusi ngati ndikumanga mbuzi. Choluka changa chinkauma gwa, sipoko osalowanso. "Iwe, dzanja lako ndi laukali ngati pakamwa pako," ankatero amayi, n'kundilanda, n'kumasula zonse. Ine ndinkanyanyala, n'kupita kukawerenga buku. Mapeto ake ndinakhala mphunzitsi, ndipo pakamwa pomwepo ndi pamene ndikudyera mpaka lero.

Abambo ndi munthu wa dothi. Kwawo ndi ku Thambani, ndipo kwa Nthache anabwera chikamwini, kudzamanga banja pamudzi wa akazi awo monga amachitira amuna ambiri kwathu. Malo anali a mtundu wa amayi, koma chobiriwira chilichonse pamalopo chinali cha manja a abambo. Kuseri kwa nyumba kunali mizere ya manachesi, kumtsinje kunali dimba la tomato ndi mpiru, ndipo pakhomo anadzala maluwa chifukwa amayi anawasirira atawaona pa tchalitchi. Anzawo ankawaseka kuti mwamuna wanji wothirira zinthu zosadyedwa. Nthawi imene anthu anayamba kugwetsa mitengo n'kumawotcha makala, abambo anali akudzalabe. Si munthu wolankhulalankhula. Ukawafunsa funso lero, yankho umalilandira mawa, ali pakati pa ntchito ina.

Amayi anatisiya m'nyengo yozizira, manachesi atapsa m'mitengo. Sanadwale nthawi yaitali. Za maliro sindifotokoza, mtima wanga sunazolowerebe. Chimene ndinene n'chakuti anthu atabalalika, ndikusesa m'nyumba, m'dengu la amayi ndinapezamo juzi yobiriwira imene ankalukira abambo. Kutsogolo kunali kutatha, kumbuyo kutatha, mkono umodzi utatha. Mkono wachiwiri unali utangoyambika, uli pa masipoko, ndipo wulu wotsala unali kampira kakang'ono ngati dzira la nkhuku. Ndinaikulunga m'chitenje n'kupita nayo ku boma kumene ndinkaphunzitsa, osauza munthu.

Pamwambo wathu, mkazi akamwalira, mkamwini sachoka nthawi yomweyo. Amakhala miyezi ingapo, kenaka ankhoswe a mbali zonse ziwiri amakumana kuti amusudzule, ndiko kumumasula kuti banja latha, ndi mfulu, akhoza kubwerera kwawo. Amatenga zovala zake ndi zina zochepa. Nyumba imatsala, munda umatsala, mitengo imatsala. Amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anali nkhoswe ya mbali yathu, ananena kuti nsudzulo udzachitika tsiku lotsatana ndi Khirisimasi, poti abale onse adzakhala ali pamudzi. Ndinamva ndi makutu anga, koma ndinkadziuza kuti ndi mwambo chabe. Abambo angapite kuti? Ku Thambani anachokako ine ndisanabadwe.

Sukulu titatsekera ndinapita kumudzi, amuna anga n'kutsala ku boma kuti adzatipeze pa tsiku lenilenilo. M'mawa mwake abambo anandiitanira kuseri kwa nyumba, kumene kunali mbande za mandimu m'machubu. Anali ndi kampeni kawo ndi timizere ta jumbo tong'amba bwino.

"Mayi, bwerani muone kumezanitsa."

Abambo amanditchula mayi kuyambira ndili wamng'ono. Anandionetsa m'mene amachekera khungwa la mbande, m'mene amasendera kadiso pa nthambi ya mtengo wabwino wa manachesi, n'kukalowetsa pochekapo, n'kumanga ndi jumbo kuti madzi asalowe. Mandimu ndi olimba mizu, manachesi ndi okoma zipatso, ndiye umawaphatikiza. Ntchito imeneyi anaichita zaka zonse ife tikungodutsa, osatiitana ndi kamodzi komwe. Tsiku limenelo anandigwiritsa kampeni mpaka dzuwa kufika pamutu. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu anandiyendetsa mzere ndi mzere, kundiuza mtengo umene umachedwa kupsa, umene umafuna manyowa ambiri, umene chiswe chimaukonda.

"Abambo, zonsezi ndizisunga bwanji m'mutu? Si ndizikufunsani?"

Anapukuta kampeni pa buluku. "Muzidziwe nokha, mayi. Chaka chamawa mudzazifuna."

Munthu uyu anali akulongedza.

Ukali wanga wonse ndinautsira pa amalume. Munthu wanji wosaona kuti mlamu wake wakalambira pano? Ndi mawu angati kunena kuti alamu, khalani? Nyumba yawo inali kutsidya kwa kanjira, ndipo ndikamapita ku mjigo ndinkawapatsa moni wa m'mphuno, osaima, osagwada. Koma kupita kukawafunsa, ayi. Ndinkadziwa kuti nkhani za ankhoswe ndi za akuluakulu, mwana salowererapo, ngakhale mwanayo ali ndi imvi ziwiri zitatu ngati ine. Kwa abambonso ndinkalephera. Ine wolongolola, amene ana asukulu amandimva ali kuseri kwa chimbudzi, mawu awiri okha, abambo musachoke, ankandikanika.

Ndiye ndinaganiza za juzi ija, imene ndinabwera nayo m'chikwama. Ndinati ndiimalize, ndiwapatse pa Khirisimasi, indilankhulire. Ndinkalukira kukhitchini masana, abambo akatsikira kudimba. Kampira kobiriwira kaja kanatha ndisanafike n'komwe pachigongono. Ndinakwera kabaza mpaka pa boma, ndinasanthula kaunjika yense, ndinafunsa ngakhale azimayi amene amaoda zinthu kumalire ku Zobue. Kubiriwira kwake kumeneko kunalibe. Pobwerera, ndili pa kaliyala, m'pamene nzeru inandibwerera, nzeru ya mphunzitsi: wulu wa amayi ulipo wambiri m'nyumba momwemo, uli m'chitini.

Ndinatsitsa chitinicho abambo kulibe, n'kuchibisa kunsi kwa bedi. Timipira taubweya sitimasulika, chifukwa wulu wake ndi woduladula. Tinkhosa ndinatimvera chisoni. Ndinayamba ndi timabelu, kenaka unyolo. Unyolo woluka ukaupeza nsonga n'kukoka umangomasuka wokha, ndipo posakhalitsa zaka zonse zija zinali mulu wa ulusi pamiyendo panga. Ndinalira, koma manja sanasiye kukoka. Ndinaviika, ndinawongola pa mpando, ndinaluka. Kunauma gwa. Ndinamasula n'kuyambanso. Ndinatukwana masipoko ngati akumva, kenaka ndinamasulanso kachiwiri.

Tsiku lina ndikuchokera kukhitchini ndinapeza abambo ali chiimire pabalaza, hamala ili m'manja, timisomali tili pa tebulo. Maso awo anali pamwamba pa kabati, pamene panangotsala fumbi. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali kuopa kuulula chinsinsi changa. Anatola timisomali tija, n'kutiika m'thumba, n'kutuluka. Ine mumtima ndinkati dikirani muone, mudzasangalala. Uchitsiru wake, abale!

Khirisimasi inafika makoma alibe kanthu. Alongo anga anabwera ndi akazi awo ndi ana, amuna anga nawo anafika. Titachoka ku tchalitchi tinakhala pabalaza kudya mpunga ndi nkhuku. Mkono wa juzi ndinali nditaumaliza m'mawa womwewo, kungotsala kuusokerera. Mlongo wanga wamng'ono anamwazamwaza maso m'makoma.

"Achemwali, nanga unyolo wa amayi uja?"

"Chaka chino ayi," ndinayankha mwachidule, kuti asandifunsenso.

"Aa, bwanji? Anawa akhala akuufunsa njira yonse."

Abambo anaika supuni pansi. "Asiyeni achemwali anu. Nyumba ino ndi yawo tsopano. Zakale akhoza kuchotsa, aikemo zimene akufuna."

Ananena mofatsa, mopanda mkwiyo, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Masiku onse aja ine ndikuluka mobisa, abambo ankaona mwana wawo akutsitsa zinthu za mayi ake, akukonza m'nyumba, akudikira kuti nawonso atuluke. Ine ndinkati ndikuwagwira mkono, chonsecho ndinali kuwatsegulira chitseko.

Ndinadzuka chakudya chisanathe m'mbale. Kuchipinda ndinasokerera mkono uja mofulumira, ndipo msoko wake unakhota. Ndinatuluka nayo juziyo, n'kugwada pambali pa mpando wawo.

Anaitambasula pamaondo. Thupi lonse lobiriwira, losalala, dzanja la amayi lenileni. Mkono umodzi chimodzimodzi. Winawo wobiriwira pang'ono chabe, kenaka kufiira, chikasu, kuyera, buluu, kufiiranso, ngati nsalu ya chipani chimene sichinabadwe. Adzukulu anaseka. Abambo sanaseke. Anayendetsa chala pamkonopo pang'onopang'ono.

"Unyolo uja ndi uwu."

"Eya, abambo. Wobiriwira unandithera."

"Pofiirapa ndi mabelu. Pachikasupa inali juzi yanu ya sitandade wani." Anakweza maso n'kundiyang'ana. "Ndiye chitini chija simunataye?"

"Nditaye? Ine? Abambo, mukundiona bwanji?" Misozi inali itayamba kale, ndipo mawu aja anatuluka okha. "Sindikufuna muchoke pano. Sindikufuna ngakhale pang'ono."

Anavala juziyo pomwepo, kutentha konse kuja kwa Disembala. Mkono wa amayi unafika bwinobwino padzanja. Wanga unathina ngati bandeji ndipo unalekeza panjira. Anaukoka, osatheka, anausiya.

"Ndamva, mayi," anatero. "Koma mwauza munthu wolakwika. Ine pano ndinachita kubwera. Sindingadzipemphere kukhala, ndipo sindingadzipatse malo. Mawu amenewa ali ndi kopita."

Ndinawoloka kanjira kaja ndisanasambe n'komwe m'manja. Amalume anali pakhonde akumata chubu cha njinga. Ndinagwada, inde, koma pakamwa sipanagwade. Ndinawauza kuti mtengo uliwonse pamalo paja anadzala ndi abambo, kuti ngakhale manachesi amene adzukulu awo amadya ndi a manja a abambo, kuti kuthamangitsa munthu wokalamba chonchi ndi nkhanza, ndi zina zimene sindingalembe pano. Amalume anapitiriza kupala chubu chawo mpaka mpweya unandithera.

"Watha?"

"Ndatha."

"Tandiuza, mlongo wanga atapita, pakhomo paja patsala mkazi uti?"

Anandiloza ndi chala.

"Patsala iwe. Ine ndimanyamula mawu a mbumba yanga, sindipanga anga. Miyezi yonseyi ndakhala ndikudikira kuti ubwere unene kuti amalume, bambo anga asachoke. Iwe n'kumangondidutsa ngati ndakubera nkhuku. Ndinayamba kuganiza kuti nyumbayo ukuifuna wekha, udzalowemo ndi amuna ako. Ndikanawauza alamu kuti khalani, mawa iwe n'kudzati amalume anandiunjikira munthu, ndikanatani?"

Manyazi a tsiku limenelo sindinawamvenso m'moyo wanga. Ine ndinkadziona mwana wodikira akuluakulu, osadziwa kuti wamkulu amene aliyense ankamudikira ndinali ine.

"Kusudzula tisudzula ndithu," anatero amalume, "chifukwa ndi ufulu wawo, sitingawamange. Tikatha, mawu akowo ukanene wekha pamaso pa abale awo. Akafuna kupita usawaletse. Nawonso kwawo kuli anthu owakonda."

M'mawa mwake abambo aakulu, mkulu wawo wa abambo, anafika kuchokera ku Thambani ndi mnzawo mmodzi, aliyense pa njinga yake. Pa makaliyala anali atakulungapo malamba a mphira omangira katundu. Nditaona malambawo ndinadziwa kuti abwera kudzawatenga. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando, ife akazi pamphasa. Dzuwa linali litayamba kale kuluma, koma abambo anatuluka atavala juzi ija. Abambo aakulu anaiyang'ana, anayang'ana mkono uja, n'kufunsa ngati mng'ono wawo akudwala malungo.

Amalume analankhula bwino, ndisaname. Anathokoza a ku Thambani chifukwa chotipatsa munthu waulemu, amene anasamala mlongo wawo mpaka tsiku lomaliza. Anati palibe mlandu, palibe chakukhosi, kuyambira lero alamu ndi mfulu. Abambo aakulu anawomba m'manja, n'kuyankha kuti alandira, ndipo kwawo akonza kale kanyumba, denga anafolera sabata yatha. Zonse zinkayenda mofulumira kwambiri. Kenaka amalume anatembenukira kwa ine.

"Mwini wake wa pakhomo pano ali ndi mawu."

Ndinasendera kutsogolo chogwada. Ndinali nditakonza mawu ambiri okoma, a mphunzitsi, koma onse anathawa.

"Abambo aakulu, pepani. Ife tikupempha kuti abambo akhale. Pano ndi pawo. Ife tilibe kwina kumene timati kwa abambo."

Abambo aakulu anapukusa mutu pang'ono. Anati mawuwo ndi abwino, koma ana amalonjeza lero, mawa atanganidwa ndi mabanja awo ku boma, nkhalamba n'kutsala yokha pakati pa eni mudzi. Sananame. Amalume ndi amene anandiwombola.

"Ine ndili kutsidya kwa kanjiraka, sindikupita kulikonse. Akatsokomola ndimamva."

Tonse tinayang'ana abambo. Thukuta linali likutsika m'masaya mwawo. Nkhuku inadutsa pakati pathu ndi anapiye ake. Ine ndinkangopemphera kuti asanene zoti aganize kaye.

"Achimwene, mwavutika ndi ulendo, ndipo kanyumbako zikomo. Ndizibwera kudzacheza, ndizigonamo. Koma mkazi wanga wagona kuno, ndipo ana anena. Ndikhala."

Mkazi wa mlongo wanga anayamba nthungululu, n'kudzigwira pakamwa atakumbukira kuti si ukwati. Abambo aakulu anadandaula za udzu wawo wofolera umene anavutika nawo, koma anadya nafe bwinobwino, ndipo pochoka anatsanzika akuseka.

Alendo atapita, abambo anandiitana. "Mayi, kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kuli sutikesi. Mundithandize kubwezera zinthu m'malo mwake."

Ndinaigwira ndi manja awiri poyesa kuti ndi yolemera, koma inangonyamuka ngati mulibe kanthu. Nditatsegula ndinapeza malaya atatu, mabuluku awiri, nsapato za ku tchalitchi ndi Baibulo. Basi. Munthu amene anaumba yekha njerwa za nyumbayo, n'kukhalamo moyo wanga wonse, izi ndi zimene anaona kuti ndi zake. Ndinakhala pabedi malaya ali m'manja, ndikulira mopanda phokoso kuti asandimve.

Nditapukuta m'maso ndinapachika malayawo pachingwe, nsapato ndinaika kunsi kwa bedi, Baibulo pa kampando. Sutikesiyo ndinapita nayo ku boma. Ili kwanga mpaka lero, ndipo abambo akaifunsa ndimawauza kuti ndinaiwala, ndidzabwera nayo ulendo wina.